Mpala wa Maliro Oletsedwa

Pepalalo linali ndi chithunzi chozungulira, ndipo aphunzitsi a mbiri yakale anatigawira aliyense lake m'mawa wina kukugwa mvula. Linali likadali lofunda chifukwa linali litangotuluka m'makina. Pachithunzipo panali banja la mfumu ya Aroma: bambo wa ndevu zopotana, mayi wovala ndolo ndi mikanda yoyera m'khosi, ndi ana awiri aamuna kutsogolo kwawo. Mwana mmodzi anali ndi masaya a munthu amene sanagonepo ndi njala. Winayo analibe nkhope. Khosi linalipo, zovala zinalipo, koma pamene panayenera kukhala maso ndi mphuno panali chigamba chotuwa, chopalidwa ndi chinthu chakuthwa.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, m'chaka changa choyamba kusekondale, ndipo tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Ellenbrook mumzinda wa Perth, ine ndi amayi. Bambo ankagwira ntchito kumigodi kumpoto, kunyumba ankangofikako ngati alendo. Inali nyengo yozizira ya chaka choyamba cha mliri wa kolona. Kuno mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo amayi mpaka lero amati umenewu ndi umboni woti dziko lino analiika chadodolido. Sukulu zinali zitatsegulidwanso koma malire a dziko anali otseka, moti ngakhale wako atamwalira kumudzi, unkangolirira komwe uliko.

Aphunzitsiwo anali mayi wamtali wa mawu osasa, wokonda nkhani za magazi kuposa mmene mphunzitsi ayenera kuzikondera. Anatifotokozera kuti bambo wandevuyo pomwalira anasiyira ana ake onse awiri ufumu, n'kuwalangiza kuti azimvana. Kunali kutaya malovu chabe, poti atambala awiri salira m'khola limodzi. Anawo anagawa nyumba yachifumu pakati, n'kutseka makomo olumikiza mbali ziwirizo, ndipo aliyense ankaopa kudya chophikidwa kwa mnzake. Chaka chisanathe, wamkulu anapempha mayi wawo kuti awaitanire onse kuchipinda kwake, popanda alonda, kuti akayanjane. Wamng'ono anakhulupirira chifukwa woitana anali mayi ake. Atangolowa, asilikali anatulukira ndi malupanga. Iye anathawira pachifuwa cha mayi ake n'kuwakakamira m'khosi, ndipo anamubaya ali pomwepo, mpaka lupanga linacheka dzanja la mayiyo.

Wamkuluyo atatsala yekha pampando analamula kuti dzina la mng'ono wake lichotsedwe pamiyala yonse ndipo anthu miyandamiyanda amene ankagwirizana naye anaphedwa. Chithunzi chathu chija nachonso chinapalidwa nthawi imeneyo. Anyamata m'kalasi ankangofuna kudziwa kuchuluka kwa magazi. Ine chimene chinandibaya chinali china. Mayi uja analetsedwa kulira. Anayenera kumaonekera pagulu akumwetulira, ndipo anapitiriza kukhala m'nyumba yomweyo, kumuthandiza wakupha uja kuyendetsa dziko.

Aphunzitsi atafunsa maganizo athu, ndinaimika mkono n'kunena kuti mayiyo anali wamantha. Ndinanena mokweza kwambiri moti mnzanga wokhala naye pafupi anadzidzimuka. Aphunzitsi anandiyang'ana kanthawi n'kungoti mayiyo analibe kothawira. Sankadziwa kuti sindinkakalipira mayi wa ku Roma. Ndinkakalipira amayi anga ndi agogo anga, chifukwa kwathu nakonso kunali maliro oletsedwa.

Amayi anali ndi alongo awiri. Malume aakulu ndinkangowadziwa pa foni: nkhope yodzaza galasi lonse ndi mawu a munthu wozolowera kumveredwa. Malume aang'ono ndiwo anali anga. Anabwera kuno kudzaphunzira, ankakhala m'nyumba ya lendi ku Bentley ndi anzawo a ku Zambia, ndipo nthawi yotsala ankanyamula makatoni ku Kewdale. Loweruka ankameta ophunzira anzawo pakhonde ndi makina awo akuda, amene ankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Lamlungu ankabwera kwathu atasintha mabasi mpaka kutopa, n'kufikira kutsegula fuliji asanapereke moni. Ndikawalankhula m'Chingerezi ankakhala ngati ogontha. Ndikayesa Chichewa ankaseka mpaka kugwira m'mimba, amati ndimalankhula ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ankanditcha nkhutukumve, ndipo sankanama.

Agogo aamuna anamwalira mliri utatsala pang'ono kufika. Anasiya bizinesi ya malole ku Lilongwe, ndipo asanatsirizike ananena pamaso pa anthu kuti ana awo aamuna awiriwo aziyendetsa limodzi. Amayi analephera kupita chifukwa cha ntchito. Malume aang'ono anakwera ndege, atasiya chikwama ndi makina ometera aja m'galaja mwathu. Patapita masiku anatumiza chithunzi ali ndi mutu wa mpala, wonyezimira. Ndinaseka, ndinawauza kuti akuoneka ngati dzira. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti ameta maliro, kuti kwathu wachibale akaikidwa otsala amameta, ndipo aliyense wowaona panjira amadziwa kuti pakhomo pawo pachoka munthu. Kenaka malire anatsekedwa ndipo sanathenso kubwerera.

Musandimve molakwa, malole aja sanali Roma. Anali malole okalamba, otha matayala, ena ogona pamiyala chaka chonse. Koma ndakula tsopano ndipo ndaona kuti anthu sayamba ayeza kukula kwa chinthu asanayambe kuchiphera mnzawo. Mkangano wa amalume awiriwo unayamba maliro asanazizire. Amayi ankayankha mafoni ali kuchipinda chitseko chili chotseka, n'kutuluka maso ali gwa.

Uthenga unatipeza m'galimoto, titaima panja pa sitolo. Anaimba anali mayi wina woyandikana nyumba ndi agogo aakazi, ndipo mawu ake anatulukira m'masipika a galimoto amayi asanathe kuwazimitsa. Chichewa sindinkachilankhula bwino koma ndinkachimva chonse, ndipo ichi akuluakulu ankachiiwala kawirikawiri. Mayiyo anati malume aakulu anapempha agogo kuti aitane malume aang'ono kunyumba kuti akambirane. Malume aang'ono atangolowa pageti, anyamata ogwira ntchito pamalole aja anawazungulira ndi zitsulo zomasulira matayala, agogo ali pakhonde akukuwa. Anawamenya malumewo, ndipo anawatengera kuchipatala sakulankhula.

Anamwalira sabata yomweyo. Malume aakulu analengeza kubanja kuti wawatenga ndi kolona, ndipo anawaika tsiku lomwelo, bokosi losatsegula, anthu ochepa, monga malamulo a nthawi imeneyo ankanenera. Amayi ndi namwino. Atamva zimenezo anaika foni pathebulo pang'onopang'ono n'kunena, osati kwa ine koma kwa khoma, kuti, “Kolona sathyola nthiti.”

Ine sindinali komweko, ndipo palibe bwalo la milandu limene linaweruzapo nkhaniyi. Koma lamulo limene linatsatira ndinalimva ndi makutu anga. Malume aakulu, monga mwini mbumba, ananena kuti kuno ku Perth kusachitike maliro, anthu asasonkhane, chipepeso chisalandiridwe. Anati womwalirayo anabera banja n'kudzichotsa yekha pachibale, choncho dzina lake lisamveke. Chithunzi cha gulu la banja la pa foni chinasinthidwa. Chinali chithunzi chomwe chija cha paukwati wina, koma anachidula mbali imodzi. Wodulayo analibe luso. Paphewa la agogo panatsala dzanja la malume aang'ono, ndi wotchi yawo yomwe.

Agogo anawasamutsira kunyumba kwa malume aakulu, ndipo foni yawo akuti inawonongeka. Kuyambira pamenepo njira yokha yowaonera inali foni ya malume aakuluwo, Lamlungu masana kuno, kumeneko kukadali m'mawa. Amayi ankadziwa bwino lomwe kuti akaphwanya lamulo lija, njira imeneyo itsekeka. Ndiye anamvera. Azimayi a kutchalitchi anaimba kuti abwere adzakhale nawo, poti maliro n'kulirana, koma amayi anawakaniza. Ananamizira malamulo a mliri, ngakhale aliyense ankadziwa kuti kuno anali atafewa kale. M'mawa uliwonse ankavala yunifolomu, kuika masiki m'thumba, n'kupita ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba, kukagwira manja a amayi a anthu ena.

Masana a Lamlungu ndinkadana nawo. Agogo ankakhala pa sofa atavala chitenje chatsopano, manja ali pamiyendo, akumwetulira. Amayi nawonso ankamwetulira. Ankakambirana za kuzizira, za mankhwala a kuthamanga kwa magazi, za nkhuku zimene zinatsala kunyumba yakale. Foni inali m'manja mwa malume aakulu, ndipo kupuma kwawo kunkamveka pafupi kuposa mawu a agogo. Pomaliza ankatembenuzira galasi kunkhope kwawo n'kutikumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Sabata imene tinaphunzira za mfumu ya Aroma ija ndinawafunsa amayi, m'Chingerezi changa chamwano, chifukwa chake ankamwetulira pamaso pa munthu ameneyo. Anali akusita yunifolomu. Sanakweze mawu. Anati, “Iwe mayi ako ali pano, ukundiona. Ine mayi anga ali m'foni ya munthu.”

Ndinamva, ndipo ndinamvetsa. Sindikufuna wina aganize kuti ndinachita zimene ndinachitazo chifukwa cha umbuli wa paubwana. Ndinkadziwa chimene chikanatayika. Kungoti ndinkaonanso kuti munthu amene ankasintha mabasi kudzationa Lamlungu lililonse wafa ngati galu wapamsewu, popanda ndi mmodzi yemwe womugwetsera msozi poyera, ndipo mtima wanga unakana.

Lamlungu lotsatira, amayi akupumula atachoka ku shifiti ya m'mawa, ndinalowa m'galaja. Mvula inali ikuwomba pachitseko chachitsulo. Chikwama chija chinali pamwamba pa makatoni, ndipo makina ndinawapeza atakulungidwa m'thawulo. Ankanunkhira mafuta, ndipo m'mano mwake munali tizidutswa ta tsitsi la anyamata a ku Bentley. Ndinayamba ndi sizasi, kudula malukidwe amene amayi anakhalira tsiku lathunthu akuluka. Kenaka ndinayatsa makina. Anandinjenjemera m'manja, anandiluma kuseri kwa khutu, ndipo mphepo yozizira inandikhudza pakhungu limene linali lisanaonepo kunja. Galasi linali la galimoto, ndiye ndinkangoona mbali imodzi. Sindinkadziwa kuti wamaliro sadzimeta yekha, kapena kuti masiku ano ambiri amangodula pang'ono m'mphepete basi. Ndinkangodziwa mpala wa pachithunzi chija, ndipo ndinkafuna womwewo.

Ndinasesa tsitsi, ndinavala chipewa cha ubweya, ndipo nthawi ya foni itakwana ndinakhala pambali pa amayi. Chipewa m'nyengo yozizira sichidabwitsa munthu. Anakambirana za mankhwala ndi za nkhuku monga mwa masiku onse. Kenaka malume aakulu anafunsa kuti mzungu wawo uja, kutanthauza ine, ali kuti, apereke moni kwa agogo ake. Ndinatsika pampando n'kugwada monga anandiphunzitsira, ndinapereka moni m'Chichewa, agogo anayankha akumwetulira. Ndiye ndinavula chipewa.

Amayi anatembenuka ndipo nawonso kanali koyamba kuona. Malume aakulu anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Ndinaona milomo ya amayi ikuyamba kufunafuna bodza, mwina la nsabwe, mwina la fashoni ya ana a kuno, ndipo bodza lililonse likanagwira ntchito chifukwa malumewo ankafunanso kulikhulupirira. Sindinawapatse mpata. Ndi mbatata yanga yotentha m'kamwa, ndinati, “Ndameta maliro a malume aang'ono.”

Agogo anasendera kutsogolo mpaka nkhope yawo inadzaza galasi. Anatambasula dzanja n'kukhudza foni, chala chawo chinaphimba theka la chithunzi. Kumwetulira kuja kunakhalabe pankhope kanthawi, ngati kwaiwala njira yochokera. Kenaka anatsegula pakamwa. Ndinali ndisanamvepo munthu akulira choncho. Kuno anthu amalira ndi tishu pamphuno, mopepesa. Agogo analira kuchokera m'mimba, anagwa pa sofa n'kukhala pansi, manja ali kunkhongo, akuitana maina. Malume aakulu ankawauza kuti akhale chete, anthu amva. Foni inagwedezeka, tinaona denga, tinaona nsapato, kenaka galasi linada.

Ndinakhalabe chogwada, ndikudikira khofi. Amayi sanali omenya, koma ndinkaona kuti tsiku limenelo akanakhala ndi chifukwa. Anayang'ana foni yakudayo nthawi yaitali. Kenaka anaika dzanja pamutu panga n'kulisisita kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo. Anati, “Wasiya zigamba. Katenge makinawo.”

Anandikhazika pampando wa kubafa, anandikulunga thawulo m'khosi, n'kuyamba kumaliza ntchito. Ndinangomva madontho ofunda akugwera pampala wanga, poyamba amodziamodzi, kenaka ambiri, mpaka anazimitsa makina n'kukhala pansi pa matailosi. Analira mlongo wawo pamenepo, mokweza, zenera lili lotsegula. Atatha anatenga sizasi n'kudula tsitsi lawo pang'ono pamwamba pa khutu. Madzulo omwewo anaimbira azimayi aja. M'mawa mwake mipando ya pabalaza tinaitulutsira m'galaja, azimayi anadzaza pansi atamanga zitenje pamwamba pa mayunifolomu, anyamata a ku Bentley anaima panja pamvula ndi maambulera, ndipo nyimbo zinamveka mpaka kumsewu. Oyandikana nafe ankasuzumira pamakatani. Aliyense wolowa ankandigwira pamutu.

Kusukulu ena ankaganiza kuti ndikudwala. Aphunzitsi a mbiri yakale anandiitanira pambali n'kundifunsa mosamala, ndipo nditawauza kuti ndikulira malume anga anangogwedeza mutu, osafunsanso zambiri. Tsitsi linamera, monga limachitira.

Foni ndi imene sinabwerere. Malume aakulu anawachotsa amayi m'gulu la banja tsiku lomwe lija. Lamlungu lililonse ankaimbabe pa nthawi yomwe ija, n'kumamvetsera ikulira mpaka kuduka yokha. Anapempha achibale, anapempha abusa a kumeneko, koma pageti la malume aakulu panalibe wolowa ndi foni. Agogo anamwalira chaka chotsatira, malire asanatsegulidwe, ndipo tinamva kwa mayi woyandikana nawo yemwe uja. Mawu omaliza a mayi awo amene amayi anga anawamva anali kulira kuja.

Alipo achibale amene mpaka lero amati ndine ndinadula amayi kwa mayi awo. Amanena kuti mwana wokulira kunja alibe mwambo. Ine ndimawayankha kuti mwambo ndi umene ndinachita, ndipo foni sindinadule ndine. Chisoni ndili nacho, chachikulu, makamaka ndikawaona amayi Lamlungu masana akusowa poika manja. Koma kupepesa sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Amayi nawonso sanandipemphepo kuti nditero.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chinandisokoneza tsiku lija. Agogo polira ankaitana maina awiri. Loyamba ndinkalidziwa, linali la malume aang'ono. Lachiwiri ndinali ndisanalimvepo, ndipo ankaliitana mowawidwa chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Azimayi aja atabalalika, tikubwezera mipando pabalaza, ndinafunsa amayi kuti winayo ndi ndani, ngati kunachitikanso maliro ena amene sanandiuze. Anati ayi, limenelo ndi dzina la malume aakulu, limene agogo ankawaitanira ali mwana.

Ndinawauza kuti ndiye agogo anasokoneza, chifukwa malume aakulu ali moyo, anali chiimire pomwepo atagwira foni. Amayi anandiyang'ana, ananyamula mbali yawo ya sofa, n'kundiuza kuti ndinyamule yanga. Ndinanyamula, ndikudabwa kuti mayi angalakwitse bwanji chinthu chapafupi chotero, kulira mwana amene sanafe.